Matenda a Ansenga

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ndili kamtsikana kosatha kusenza ndowa yodzaza. Tinakakhala kwawo kwa amayi ku Chipera. Abambo anali Mnsenga, mkamwini pamudzi wa Achewa, munthu wodziwa kusula makasu ndi kuseka.

Zinayamba ndi kaneka, kapu yachitsulo ija. Abambo ankaiika pambali pa mbale, ndipo mbamu iliyonse ankaitsatiza madzi. Kenako nyama inayamba kukana kutsika. Patapita miyezi nsima nayo inakana, phala linakana, mpaka malovu awo omwe ankalavulira m'chitini. Njala anali nayo, inu. Tikamadya ankatiyang'ana pakamwa, kenako n'kutembenukira kukhoma.

Kuchitsime ndinamva amayi ena akunong'ona. "Ndi matenda a Ansenga amenewo, amatseka mmero. Bambo wake anafanso choncho, mchemwali wakenso. Amayenda m'magazi."

Ndinabwerera kunyumba madzi theka atatayikira m'njira. Kuyambira tsikulo ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumeza mtedza wosatafuna, kuti ndione ngati njira ikadali yotsegula. Ukachedwa pang'ono pachifuwa, ndinkathamangira kukamwa madzi.

Nditatopa nawo manthawo ndinapita kwa atsibweni, mlongo wa amayi, ndinawapeza akusoka mphasa.

"Atsibweni, ine ndine Mnsenga kapena Mchewa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndiwe mbumba yanga. Mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ako anangobwera kudzakwatira kuno, matenda awo apita nawo okha. Mchewa mmero wake ndi msewu."

Ndinawakhulupirira, ndipo ndinasiya kumeza mtedza. Abambo tinawaika chimanga chisanache, atauma ngati phesi.

Zitadutsa zokolola ziwiri, tsiku lina masana tinali kumunda tikudya mbatata yootcha. Atsibweni anameza, n'kungoti zii. Maso anatuluka. Anadzimenya pachifuwa ndi chibakera, n'kutambasulira dzanja ku chipanda cha madzi. Atatsitsa anandiona ndikuwayang'ana.

"Mbatata youma iyi," anatero. "Usakanene kwa mayi ako."

Ine mbatata yanga inagwa m'dothi. Ngati atsibweni, Mchewa weniweni, atsamwa chotere, ndiye ine wa magazi awiri ndithawira kuti? Ndinakanena madzulo omwewo. Amayi anawachonderera kuti apite kuchipatala ku Fingoe njira ikadali youma, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Kupita kunali kuvomera pamaso pa mudzi kuti akudwala matenda a akamwini, omwe iwo ankawaseka. Ankadyera m'nyumba chitseko chotseka, akutuluka n'kumatokosa m'mano ngati akhuta. Pamene anavomera mvula inali itagwa, mitsinje yadzaza, njinga yosadutsa. Anawanyamula pa machira mvula itadula, ndipo adotolo anati abwera mochedwa.

Patapita zaka zambiri, ndili kale ndi zidzukulu, ndinamufunsa namwino wina za matenda a abambo ndi atsibweni nditapita ndi mwana ku sikelo. Anandiuza kuti n'zoona, pali mitundu ndi mabanja amene matendawa amawakonda kuposa ena, koma palibe mtundu umene sauyandikira. Anandifunsa zimene amuna awiriwo ankamwa. Apo mpamene ndinakumbukira. Kachasu anali wa m'botolo limodzi, fodya wa m'munda umodzi, utsi wa m'khitchini zofanana.

Mantha sanandichoke, ndisanameyi. Magazi a kwa abambo ndili nawo, kaya mwambo uwawerenge kaya usawawerenge, ndipo a kwa amayi sanatchinjirize ngakhale mwini mbumba. Chimene ndinazindikira n'chakuti dzina limene tinawapatsa matendawa ndi limene linatsekera atsibweni m'nyumba. Mwezi wathawu mkamwini wanga, Mnyungwe, anandiuza kuti nyama ikumuima pachifuwa, koma anzake akuti Anyungwe sadwala zimenezo. Sindinakangane naye. Ndinangogulitsa mbuzi, ndipo m'mawa mwake ndinamukweza pa mota, njinga yamoto yopita ku Fingoe, ine kumbuyo nditamugwira malaya.