Kabichi wa asewere anga

Ine pa nkhani yophika musandiuze kanthu. Maukwati a kwathu kuno, maliro, mthiko umakhala m'manja mwanga. Ndiye mphepo itasasula denga la kalasi ya mdzukulu wanga, makolo n'kugwirizana zokonza mgonero wolipitsa kuti tipeze malata, onse anangocheukira kwa ine.

Koma ahedi athu, mayi wokulira m'tauni, akuti, "Amayi, chakudyacho chikhale chozizira. Buledi, mazira owiritsa, kachewere wophikiratu m'mawa, ndi kabichi wosaphika wothira tomato ndi mandimu. Nkhuni tilibe."

Ndinati, "Ahedi, kabichi wosaphika? Takhala mbuzi?"

Iwo kuseka. Komatu unali mwezi wa Juni, ku Dedza kuno, pamene ngakhale galu amakana kuchoka paphulusa. Malemu amuna anga ankabweza tiyi akangopola pang'ono, ati wafa. Munthu wabwino, koma pa tiyi ayi ndithu. Kaya akanati chiyani tsiku limenelo.

Ndinavomera basi. Tinadula kabichi uja mopyapyala, manja atachita dzanzi. Masana ndikumva kuti asewere anga a ku Lobi, amake a mkamwini wanga, akubwera nawo, poti mdzukuluyo ndi wawonso. Mayi amene aja chiyambire sanayamikirepo chophika changa. Pa ukwati wa ana athu anati mchere unachepa, mpaka lero ndimakumbukira. Tsono kwathu kuno kumupatsa mlendo chozizira ndiye kuti wamuuza asadzabwerenso. Mkute timadya tokha eni khomo. Ndinaona Lobi yonse ikumva zoti ndinadyetsa asewere zam'dimba zosafika pamoto.

Ndinazemba n'kuthamangira kunyumba. Kachewere ndinakazinga, kabichi n'kumuphika bwinobwino, kuika m'mbale yovundikira, kukulunga zitenje ziwiri, n'kukabisa m'dengu pansi pa tebulo.

Dzuwa likulowa anthu anadzaza m'kalasi yomwe inatsala ndi denga, aliyense atadzikuta. Bambo wina wa sitolo kumsewu, Msilamu, yemwe anatipatsa buledi yense, analawa kabichi uja n'kuti, "Amayi, moto unakuthawani kodi?"

"Ndi za m'tauni izi, bambo, tafunani bwino."

Mawu amenewo anayenda. Anthu atangomva kuti ndi za m'tauni, anayamba kulimbirana, mano akugwedezeka koma akuti n'zokoma.

Apo ndinatulutsa mbale yanga ija, ikadali yotentha, n'kugwada pamaso pa asewere. Anavundukula, kuyang'ana, kuyang'ananso mbale za anzawo.

"Asewere," anatero mokweza, "anthu onsewa akudya za m'tauni, ine mwandipatsa kabichi yemwe ndamusiya kwathu? Mwandiona kuti ndine wakumudzi kwambiri eti?"

Kuthamanga konse kuja!

Anandipulumutsa ndi bambo wa sitolo uja. "Ngati mayiwa sakuifuna, ine ndigula, ndafa kale ndi chisanu." Azibambo ena awiri nawonso, "Ayi, ndigula ndine!" Ahedi, poti ngochenjera, anaikweza m'mwamba mbaleyo kuti wopereka zambiri atenge. Akuti inagula lata lathunthu, koma ahediwo anandiyang'ana ndi diso lija la aphunzitsi.

Asewere ndinawapakulira wozizira yemweyo. Anadya, bulangeti kumutu, mphuno ikuchucha. Atamaliza anatambasula mbale kuti ndiwonjezere. Kenaka anandikokera pafupi n'kunong'ona, "Mandimuwo mumathira poyamba kapena pomaliza?"

Zaka zonsezi, kuyamikira kwawo kunali komweko, ndipo ine ndinakulandira ndi manja awiri. Pano ndikumva kuti ku Lobi alendo awo akudya kabichi wosaphika, ati anandiphunzitsa ndi iwo. Asiyeni. Mchere sanautchulenso.