Kapaipi Kopindika

Dzulo munthu wina ankatchetcha kapinga ndi makina kuntchito kwathu. Fungo la utsi wa petulo wosakaniza ndi oyilo linandibwezera ku Ndirande.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mgolo wa madzi, momwe bambo anga anaimikamo injini ya boti yoti akonze. Chimwalirireni mayi, tinkakhala awiriwiri. Mwini injiniyo anawalonjeza ntchito ku Mangochi ikangokonzeka, ndipo ine ndikanakasiyidwa kwa azakhali ku Bangwe.

Injiniyo inkalira pang'ono, n'kutentha, n'kuzima. Oyilo sankafika. Bambo anatsuka sefa, anayamwa paipi ndi pakamwa mpaka kulavula zakuda, koma ayi ndithu.

Ine ndinali nditaona kale kapaipi kopindika kunsi kwa thanki ya oyilo. Poopa kukasiyidwa ku Bangwe, ndinabisa zimenezi masiku atatu.

Tsiku lachitatulo bambo anakhala pansi, manja ali m'mutu.

"Mwana wanga, zandikanika."

"Ababa, taonani apa."

Anakawongola ndi chala, oyilo n'kuyamba kuyenda. Atakoka chingwe cholizira injini, madzi anawinduka mumgolo, utsi n'kudzaza pabwalo. Bambo ankaseka, akundiuza zinazake, koma phokoso linameza mawu awo. Ndinangoima poteropo, madzi akundinyowetsa diresi.