Timadontho tofiira pansalu yoyera

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza mano atatha kale m'kamwa. Moyo wonse ndinkakoka chilimira ku Malindi kuno, sukulu ndinangoinunkhiza. Koma chivomezi chitang'amba makoma chaka chija, kunabwera mtsikana wophunzira za nthaka, Mayi Kalua, akufuna munthu wolongolola, wodziwa Chiyao ndi Chichewa. Mudzi wonse unaloza ine, ngakhale mkazi wanga yemwe.

Zida zathu zinali laputopu, pulojekita, batire ya galimoto ndi nsalu yoyera. Tinkalowa m'kalasi masana n'kutchinga mawindo ndi masaka. Pansalupo pankaoneka mapu a nyanja. Kenako phu! dontho lalikulu lofiira, ndicho chivomezi chija. Pambuyo pake timadontho tambirimbiri tikuphethira ngati nyali za asodzi a usipa, ndito tizivomezi totsatira. Miyezi yathunthu inkatha tiyi asanapole. Ine ndinkamasulira ngati anyamata a mafilimu a karate aja. Lalikululo ndinalitcha bambo, tinato ana ake osamva, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti.

Mayi Kalua anandichenjeza chimodzi chokha: "Agogo, sekani nawo, koma musalosere. Izi ndi zadzulo."

Tsiku lina ku Namwera, kanema atatha, anaimirira abiti Saidi, khanda likutsokomola kumsana. Chichitikireni chivomezi ankagona pansi pa mtengo wa mango, mvula ili mkati, poopa khoma lawo long'aluka.

"Che Mbwana, inu kanemayu mwamuona kambiri. Bamboyo abweranso? Mwanayu ndilowe naye m'nyumba kapena ayi?"

Yankho lokoma linali kale palilime. Ndinayang'ana nsalu ija: timadontho tinkachepa ndithu, koma osatheratu.

"Mayi, sindikudziwa. Makinawa nawonso sadziwa."

Wina kumbuyo anakuwa, "Lembani tsiku, mkuluyu wasowa chonena!"

"Iwe khala pansi," ndinatero. "Zapansi pa nthaka sitiziona, koma khoma limaoneka. Tiyeni tikalione."

Tinapita chigulu, mmisiri womanga nyumba ali patsogolo. Mng'alu wa khomalo wolowa dzanja lonse. Mmisiriyo anangopukusa mutu, khomalo n'kuligwetsa tsiku lomwelo. Amuna akumzikiti anaimika lina la mitengo ndi nsungwi, loti ngakhale litagwa silingaphe munthu. Khanda lija linagona pouma.

Kuyambira pamenepo, nthabwala sindinasiye, musandinamizire. Koma kanema akatha sindinkadikiranso mafunso a zamawa. Ndinkazimitsa pulojekita, n'kuchotsa masaka m'mawindo, n'kufunsa kuti ndani ali ndi khoma long'aluka, tikalione kukadali kowala.