Nkhani ya bambo yopanda bambo

Akandifunsa nkhani imene ndimaikonda mwa zonse ndinalemba, ndimatchula iliyonse kuti andisiye. Yeniyeniyo palibe anaiwerengapo yonse.

Ndinailemba ndikuphunzitsa ku Kandeu, masiku aja tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba. Inali ya bambo anga, nkhalamba ya ku Biriwiri imene inkakana kusiyira ana munda wa kachewere. Maso anali atachita khungu, mizere ikukhota, koma khasu osalitula. Ukati uwathandize, ankakuthamangitsa ndi chibuluma. Ndinawalemba momwemo, ndi liuma lawo lonse, ndipo sindinalembeponso china chokoma chotero.

Kulakwa kwanga kunali kuwauza. Bambo sankadziwa kuwerenga, koma mudzi wonse unamva kuti mwana wawo wawaika m'buku.

Mkonzi wa magazini kutauni anawerenga tsamba limodzi n'kutseka chitseko.

"Aphunzitsi, nkhalamba yokana kutula khasu? Dziko lino akulamulira ndani? Mnzathu wina apolisi anamutenga chaka chatha. Chaona mnzako chapita."

Ndinalumbira kuti ndi bambo anga enieni. Iye anati apolisi sadzapita ku Biriwiri kukaona. Mantha anandigwira. Nkhalamba ija ndinaisandutsa mnyamata waulesi amene pomaliza amvera alangizi a zaulimi, ndipo mapepala oyambawo ndinasonkhezera moto.

Itatuluka, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi Lachitatu masana, naitana anansi pakhonde. Pakati pawo panali wapampando wa chipani m'mudzimo. Nkhani yoyamba ija ndinkaidziwa pamtima, ndikanatha kungoyang'ana pepala n'kumainena. Ndinayang'ana wapampandoyo, n'kuwerenga zimene zinasindikizidwa.

Bambo anamvetsera atatchera khutu, akugwedeza mutu pa mnyamata waulesiyo. Nditasiya, anadikira.

"Pitiriza, mwanawe. Ine ndilowa pati?"

"Yathera pomwepa, bambo."

Anansi anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Bambo anavula jekete, nalipinda bwinobwino, n'kufunsa amayi kumene kunali khasu lawo.

Bambo anamwalira mvula isanagwe. Zinthu zitasintha ndinayesa kuilembanso kangapo, koma mawu awo sankabwera, inkatuluka nkhalamba ya wina aliyense. Manyazi a tsiku lija sanandichoke. Amayi anadzandiuza kuti bambo sanakhulupirire kuti ndinawachotsa dala. Mpaka kumwalira ankati anthu a kutauni anataya tsamba lawo, ndipo mwana wawo akalitenga.