Chitseko Chodula Pakati

Ndinaganiza zopita ku Canada chaka chomwe mphepo inasasula denga la kwathu ku Ntcheu. Bambo anga anamanga nyumba za eni moyo wawo wonse, koma okha ankagona modontha. Ndinawauza kuti, "Ine ndizikatumiza ndalama, inu muzimanga yathu." Anangoti, "Pita, koma udzabwere ndikadali ndi maso."

Ku Brampton ndinkasamalira gogo wina wachizungu. Ntchito inalibe vuto, koma ndinkasungulumwa koopsa. M'nyumba yosanja momwe ndinkakhala, zitseko zinali zotseka chaka chonse. Woyandikana naye ndinkangomudziwa ndi katsokomoledwe kake basi.

Kunja kukafunda ndinkakankha gogoyo pachikuku kumalo ena akale kunja kwa tauni, komwe kunkakhala banja lolemera. Chinyumba chawocho ndinalibe nacho ntchito. Mtima wanga unali pa khola la mahatchi kuseri kwake: njerwa zofiira, makomo opindika pamwamba ngati uta, timawindo m'mwamba, ndi zitseko zodula pakati kuti hatchi izisuzumira panja thupi lili m'kati. Tsiku lina gogoyo anandijambula nditatsamira chitseko chotere, ndipo chithunzicho ndinachitumiza kumudzi osalembapo kanthu.

Pafoni bambo ankangoti ntchito ikuyenda. Ndikapempha zithunzi, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomwe ndinkabwerera, maso awo n'kuti atayamba kuchita mdima. Ndinatsika pakabaza n'kungoti kukamwa yasa. Njerwa zofiira, khomo lopindika, chitseko chodula pakati. Thukuta langa lonse lija linali litamanga khola la mahatchi. Zinandipweteka, sindinama, komanso phwete linkafuna kundipulumuka. Bambo anali atatsamira chitsekocho cham'kati, akupereka moni kwa amayi opita kuchigayo, mbuzi zikungozungulira pakhomo kusowa polowera.

Titalonjerana ndinalimba mtima. "Bambo, chithunzi chija si nyumba ya anthutu."

"Ukuyesa khola sindilidziwa, mwanawe? Zitsulo zomangirapo ziweto ndinaziona pakhoma," anatero. "Koma pa zithunzi zonse unatumiza zaka zonsezi, ndi pokhapo pomwe unaseka."

Anapapasa loko, n'kutsegula chitseko cham'munsi kuti ndilowe.