Mahedifoni Amene Ndinasankha ku Kariakoo

Maganizo ochoka anandifikira ndili m'matope olekeza m'mawondo, m'munda mwathu ku Kaporo. Tinkawoka mpunga ndi mkazi wanga Tumpale, ndipo patali, pamsewu wa ku Songwe, pankadutsa basi. Ndinaiyang'ana mpaka inabisika m'nthochi.

"Ndikufuna ndipite ku Dar," ndinatero.

Tumpale sanaweramuke. "Liti?"

"Tikakolola."

"Ndiye malizani kaye mzere wanuwo."

Nkhani inathera pomwepo. Iye ankadziwa kale kuti mtima wanga sunali m'munda. Ndili mnyamata ndinagwirako ntchito yosunga katundu kumgodi wa Kayelekera, ndipo kumeneko n'kumene ndinaphunzira kompyuta. Mgodi utaima ndinabwerera kumudzi, ndinakwatira, ndinkalima ndi ng'ombe ngati wina aliyense, koma zala zanga zinkalakalakabe mabatani. Msuweni wanga wina atandiuza kuti mayi wina wa sitolo ya zamakompyuta ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, akufuna munthu wodziwa kusamala katundu, sindinafunse zambiri.

Mayiyo anali Mama Rehema, wamfupi, wa magalasi opachika pachingwe. Kutsogolo kwa sitolo yake tinkagulitsa mabatire, machaja, makiyibodi ndi mahedifoni. Kuseri kunali chipinda chokhala ndi makompyuta angapo, komwe anthu ankabwera kudzasewera magemu. Ine ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna anayi a ku Kyela. Ndalama ndinkatumiza pafoni mwezi ukatha, ndipo Tumpale ankayankha kuti zafika. Tikaimbirana, mawu athu ankamira m'phokoso la mabajaji, njinga zamoto za matayala atatu, ndi la anthu oitanira malonda. Ndinkafunsa za ng'ombe, iye ankafunsa ngati ndadya. Zina zonse zimene ndinkafuna kunena zinkandithawa foni ikangofika kukhutu.

Ku Dar kulibe ngodya yopanda munthu, koma ndinkatha sabata yathunthu popanda wondiitana dzina langa lenileni. Onse ankangoti Mmalawi.

Lamlungu masana sitolo inkatsekedwa, ndipo Mama Rehema ankandisiyira makiyi kuti ndipukute makompyuta. Ndi mmene ndinayambira kusewera. Gemu yake inali ya anthu anayi oyenda pamodzi m'dziko lozizira, la nkhalango zoyera ndi nyumba zosiyidwa, kufunafuna njira yotulukira adani asanawapeze. Chipale chofewa ndinali ndisanachionepo, koma mmenemo chinkagwa pang'onopang'ono ngati maluwa a mango mphepo ikawomba. Thukuta likuyenderera kumsana, ine ndinkayenda m'chisanu. Anzanga atatuwo sindinawaonepo nkhope. Wina anali wa ku Mombasa, wina wa ku Ndola, wachitatu mtsikana amene sananenepo kwawo. Tinkalankhula Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ndinadabwa kuti ndi anthu amenewa pakamwa panga pankamasuka.

Masiku ano ndikakhala pabenchi yanga yokonzera mafoni, mvula ikuwaza pamalata, nthawi zina nkhalango imeneyo imandibwerera yonse: mlatho wothyoka, nyali yofiira pawindo, mpweya wa mnzanga wa ku Ndola akuthamanga pambali panga. Sindinama, ndimaisowa.

Chaka chachiwiri ndinabwera kumudzi masabata awiri nthawi yokolola. Nditabwerera ku Dar, patapita miyezi iwiri, Tumpale anandiuza kuti ndi woyembekezera. Tinali titakhala zaka zisanu tikudikira. Tsiku limenelo ndinayenda wapansi mpaka kudoko, ndikumwetulira anthu osawadziwa.

Nthawi yomweyo vuto langa lina, laling'ono, linali litakula m'mutu mwanga. Mahedifoni a m'chipinda cha magemu anali akale, omangidwa ndi selotepi. Chingwe chake chinkakola pampando, ndipo ndikatembenuka mwamphamvu chinkazuka, dziko lonse n'kukhala chete pakati pa nkhondo. Maiki yake inkatola chilichonse: fani, wailesi ya oyandikana nawo, wogulitsa makokonati akumwa panja.

"Mmalawi, kodi ukusewerera pakati pa msika?" ankafunsa wa ku Mombasa. "Sitikukumva."

Ndinaganiza zogula anga, opanda chingwe. Chinali chinthu choyamba chimene ndinafuna kudzigulira ndekha chichokereni kumudzi, ndipo ndinachita nacho manyazi pang'ono. Mama Rehema sanandiseke. Anavala magalasi, anatsitsa mabokosi pashelefu, n'kuwayala pakauntala ngati akugulitsa kwa mlendo.

"Usayang'ane mtundu kapena timagetsi tophethirato," anatero. "Vala kaye. Ngati akukupana pamwamba pa mutu pano, pakatha ola limodzi udzawada."

Ena anali olemera ngati chipewa cha kumgodi. Ena anali ndi zotchingira makutu zachikopa chabodza, zimene iye anati pa kutentha kwa ku Dar zimasenda ngati njoka yofundula. Anandifotokozera kuti olumikiza pa bulutufu yokha amachedwetsa mawu pang'ono, moti umamva phazi la mdani iye atakufika kale, pamene obwera ndi kachipangizo kobaya pakompyuta mawu ake amafika nthawi yomweyo. Anandiuza ndifunse kuti batire imatha maola angati, komanso ngati ungasewere uku akuchajidwa. Maiki anati ndisakhulupirire zolembedwa pabokosi.

"Jambula mawu ako, umve wekha."

Ndinavala ena akuda, ndinatsitsira maiki pafupi ndi pakamwa. Sindinadziwe choti ndinene, ndiye ndinapereka moni wa m'mawa m'Chinkhonde, mmene timapatsirana podutsana m'minda. Nditabwezera kuti ndimve, mawu anga anatuluka okha, oyera, opanda bajaji kapena fani kumbuyo, ngati ndaima m'munda mbandakucha. Ndinali nditaiwala kuti ndimamveka choncho. Ndinawamvera katatu.

Pomaliza anatsala awiri. Oyera anali opepuka, a zotchingira zansalu, ndipo ankatha kulumikizana ndi kompyuta ndi foni nthawi imodzi, kotero kuti munthu akaimba, gemu inkatsika mawu iwe n'kuyankha. Koma phokoso la panja linkalowa ndithu. Akuda aja ankadziwa kompyuta yokha basi. Ukawavala, Kariakoo yonse inkazimiririka, n'kutsala mphepo ya m'nkhalango ikuchokera khutu lamanzere kupita lamanja, ndi kanthambi kothyoka kumbuyo kwako.

"Uli ndi mkazi woyembekezera," anatero Mama Rehema. "Tenga oyerawa."

"Foni ndimaisunga m'thumba, Mama. Ikanjenjemera ndidzaimva."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anakulunga akudawo.

Miyezi yotsatira ndinasewera bwino kuposa kale. Ndinkamva adani asanaonekere, ndipo anzanga anayamba kunditsogoza. Ndinkatha kudzuka pampando, kukamwa madzi, ndikuyendabe m'chipale chofewa. Lamlungu linkadutsa ngati tulo tabwino ta masana.

Lamlungu lina chakumapeto kwa dzinja foni inali itatha moto. Ndinaisiya pachaja kukauntala, ndinalowa kuseri, ndinavala mahedifoni. Tsiku limenelo tinafika kumalo amene tinali tisanafikeko, nyanja youma ndi chisanu, yoti n'kuyendapo. Mtsikana uja anaimba kanyimbo ka m'chilankhulo chake tikuwoloka, ndipo palibe anamudula. Nditavula mahedifoni dzuwa linali litapendeka.

Foni inali yodzaza ndi mayina. Tumpale anaimba kambirimbiri, mlamu wanga Lusekelo, amene ndi mchimwene wake wa Tumpale, nayenso anaimba, komanso panali nambala ina yosadziwika. Panali uthenga umodzi wa mawu. Nditautsegula ndinangomva madzi, nkhafi ikumenya m'mbali mwa bwato, ndi Tumpale akupuma movutika. Anangotchula dzina langa kamodzi, uthenga n'kutha.

Ndinaimbira Tumpale, foni yozima. Ya Lusekelo chimodzimodzi. Nambala yachilendo ija inayankhidwa ulendo wachinayi.

"Ndinu bambo ake? Ine ndi namwino," anatero mayi wa kalankhulidwe ka kummwera. "Mtsinje wasefukira, njira yonse ndi madzi, ndiye mayiwa abwera pabwato. Avutika ndithu, koma achira. Mwana ndi wamkazi. Onse akugona."

Ndinakhala pansi, pasimenti, pakati pa mabokosi. Mawa lake ndinauza Mama Rehema kuti ndikupita. Sanandikumbutse zimene ananena tsiku lija. Anangondipatsa zitenje ziwiri zatsopano za kanga kuti ndikapatse mayi wa mwana.

Ulendo wa basi kudzera ku Mbeya ndimaukumbukira ngati maloto. Mapiri a tiyi ku Tukuyu anali m'nkhungu. Nditawoloka Songwe ndinaona minda yathu ili ngati galasi lalikulu, mitu ya mpunga ikungosuzumira apo ndi apo, akakowa ataima pamene panali njira. Nyumba yathu inali itagwa khoma limodzi, ndipo makoma otsalawo anali ndi mzere wa matope wolekeza m'chiuno. Tumpale ndinamupeza kwa Lusekelo, kumtunda, atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango.

Anandipatsa mwana. Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Dzina anali atamupatsa kale mayi anga: Tusayiwe.

Tsiku lachitatu, titatsala awiri, ndinamuuza zonse. Ndikanatha kunamizira netiweki, ndipo akanakhulupirira. Koma ndinatulutsa mahedifoni m'chikwama, ndinawaika pamkeka, n'kufotokoza za oyera aja amene ndinawasiya.

"Ndinkadziwa kuti simungapalase bwato muli ku Dar," anatero. "Opalasa analipo. Ndinkangofuna muzindilankhula pamene tinkawoloka. Ndinkaopa."

"Ndikhululukireni."

Anatola mahedifoni, anawatembenuza, kenako anawavala pamwamba pa duku. Ngakhale osayatsa ankatseka makutu ndithu. Anayang'ana masamba a mango akugwedezeka, nkhope yake inafewa, ndipo ndinaona kuti wamva chimene ine ndinkachikonda. Kenako anawavula mofulumira n'kuyang'ana pamene panagona Tusayiwe.

"Ndi abwino," anatero. "Koma sindikumumva mwana."

Sindinabwererenso ku Dar. Sikuti ndinalumbira, ayi. Khoma linafunika kumanga, mbewu yobwereza inafunika kufesa, ndipo miyezi inangodutsa. Ndinatsegula benchi ya mafoni pamsika. Mahedifoni ndikadali nawo, ndipo masiku ena ndimawavala poyesa mawu a kompyuta ya kasitomala. Anzanga atatu aja ndinawalembera kuti Mmalawi wabwerera kwawo. Wa ku Ndola yekha ndiye anayankha, anati apeza wina, koma samva mapazi ngati ine.

Ndili kutali ndinkaganiza kuti mudzi unaima pamene ndinausiya, kuti ukudikira ine ndi ndalama zanga kuti uyende. Ndinapeza kuti Tumpale anali ataphunzira kugwira pulawo yekha. Madzi atayamba kukwera, amayi a kutchalitchi anasamutsa mbewu yathu asanasamutse yawo. Bwato linali la munthu wa ku Mwenilondo amene anabwera kudzaona abale ake, ndipo mpaka lero wakana kulandira ngakhale nkhuku. Zonsezi palibe anandiuza pafoni, chifukwa inenso sindinkafunsa kupitirira ng'ombe. Malo anga analipo ndithu, koma anali atasintha ine kulibe, ndipo ndinayenera kuwaphunzira ngati mlendo.

M'mawa wina ndikuponda dothi la njerwa, ndinamva munthu akuitana kuchokera kunjira. Anali mphunzitsi wa ku Dedza amene amakhala pafupi ndi sukulu, akukankha njinga.

"Bambo a Tusayiwe!"

Ndinapitiriza kuponda. Anaitananso, kachitatu, ine ndikudabwa kuti munthu akuitanidwayo bwanji sakuyankha. Tumpale anali pakhomo, mwana ali kumsana, akupeta mpunga umene tinapatsidwa ndi achibale. Anaimitsa lichero.

"Akuitana inu," anatero.

Ndinatuluka m'dothimo, ndinapukuta manja pakabudula, n'kupita kukawapatsa moni.