Madzi Opereka Chiimire

Lachitatu lapitali, itangokwana 4 koloko madzulo, ndinagwada. Musaseke. Chichokereni kuchipatala cha mishoni, komwe adokotala anang'amba bondo langa nditagwa pamiyala kuno ku Tukombo, ndinali ndisanagwadepo.

Apongozi anga, a NyaChirwa, anabwera kuchokera kumunda n'kupempha madzi. Ndinawapatsira chikho ndili chiimire, monga ndazolowerera miyezi ino. Sanalandire.

"Madzi opereka chiimire ukawapatse anzako. Gwada."

"Ama, bondoli..."

"Adokotalawo anasokera ulemu m'kati mwa bondomo?"

Ndinagwira mzati wa khonde n'kutsika pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu. Bondo litagunda pansi, iwo anamwa mosafulumira konse. Kenaka anaseka.

"Si ilo lapindika! Ndiye Khirisimasi ino uwasiyire akazi a ku Kande?"

Amanena za mpikisano wa pabwalo la sukulu, wothamanga mtsuko wa madzi uli pamutu. Ine pagulu pakamwa pamandiuma, sukulu ndinalekera panjira, koma pa mtsuko palibe ankandipitirira. Ndi tsiku lokhalo limene anthu amafuula dzina langa. Chaka chino ndinali nditataya mtima.

Adokotala anati ndizilipinda bondoli tsiku lililonse. Koma anandilola ndani? Ndikati ndikatunge madzi, mnansi walanda mtsuko. Ndikati ndikavuule chinangwa, "Khala pansi, mwana iwe, ungathyoke!" Ngakhale kutchalitchi anandiikira kampando. Mwendo unauma gwa ngati nkhafi.

Kodi si mmene timachitira tonse? Wodwala timamukonda mpaka kumulumalitsa. Onse amene anandisenzera madzi ndi kundilerera mwana, yewu ukongwa, zikomo kwambiri, sindidzaiwala. Koma chifundo nachonso chili ndi tsiku lolekera, ndipo wolinena tsikulo timamutcha wankhanza. Inu amene mukusamala wodwala kwanuko, munamufunsapo chimene akulakalaka kubwererako?

Kupambana sindikulonjeza. Bondo likutupabe, ndipo a ku Kande ali ndi miyendo yaitali.

Lachinayi m'mawa ndinasiya mwana pamiyendo pa apongozi, ndinatenga mtsuko n'kutsikira kunyanja. Pobwerera ndinathamanga pamchenga, motsimphina, asodzi akundikuwiza. Madzi ambiri anathera pamsana.

Nditafika pakhonde ndinagwada ndekha, n'kuwapatsa apongozi madzi otsalawo.